Ku Sun City tipite, koma katundu ayambe wakwera



Nkhani imene yavuta muno sabata ino ndi ya ulendo wa ku Sun City. Ena akusonkherana ndalama ya minibasi yoti idzanyamuke pa Park Station m'holide ya Julayi. Ena akuti kumeneko ndi kwa Satana, munthu wopemphera asapondeko. Ndiye pali gulu lachitatu, limene likutidetsa nkhawa kwambiri, lomwe silikulemba poyera koma likulowera anzawo kumbali n'kumati "tiyeni tikachulukitse mpamba tisanapikule." Ife amene tayenda msewu wa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge kwa zaka zoposa makumi awiri, maganizo athu ndi awa: pitani, malowo ndi oyenera kuwaona, koma mupite katundu wanu atakwera kale thiraki ndipo tikiti yobwerera ili m'thumba. Amene akukuuzani kuti mupite musanapikule sakukufunirani zabwino, ngakhale atakhala mlamu wanu.

Vuto loyamba ndi mwezi wakewo. Juni ndi Julayi ndi nthawi imene wamalonda wa ku Joni amayenda ndi chikwama cholemera. Kumudzi anthu akolola, fodya ali ku okushoni, soya ndi mtedza zagulitsidwa, ndalama ili m'manja mwa anthu. Chiperoni chikawomba aliyense amakumbuka bulangeti, jekete, zipewa za ana ndi nsapato zotseka. Maoda amabwera mpaka foni kutentha. Tsono nthawi yomweyo ndi pamene sukulu za ku South Africa zimatsekera holide ya nyengo yozizira, kumapeto a Juni mpaka chapakati pa Julayi, ndipo malo onse achisangalalo amadzaza, zotsatsa zili ponseponse. Ndiye taonani mmene zakumanira: mwezi umene tili ndi ndalama zambiri m'thumba ndi womwewo umene akutiitana mokweza kwambiri. Ndalama zimenezo zambiri si zathu, tibwererako ku mfundo imeneyi.

Kwa amene simunafikeko, Sun City si mzinda ngati Rustenburg kapena Polokwane woti muli misika ndi malokeshoni. Ndi malo a kampani ya Sun International, otchingidwa, okhala ndi geti lolipira, m'chigawo cha North West, makilomita osafika 200 kuchokera ku Johannesburg. Pa galimoto ndi maola awiri ndi theka ngati msewu uli bwino. M'kati muli mahotela, mabwalo a gofu, malo odyera, dziwe lalikulu lochita mafunde ngati nyanja, ndi kasino.

Mbiri yake ndi yofunika kuidziwa chifukwa imafotokoza zambiri. Malowa anatsegulidwa mu Disembala 1979 ndi mkulu wina wa mahotela dzina lake Sol Kerzner. Nthawi imeneyo boma la tsankho linkaletsa makasino m'dziko la South Africa. Koma dera limeneli linali m'kati mwa Bophuthatswana, kamodzi mwa timayiko timene boma la azungu linadulira anthu akuda n'kumati ndi todziimira patokha, ngakhale mayiko ena onse anakana kutivomereza. Mtsogoleri wa kumeneko anali Lucas Mangope. Lamulo loletsa juga silinkafikako, choncho anthu a ndalama a ku Johannesburg ndi Pretoria ankangoyendetsa galimoto maola awiri kukachita zimene kwawo zinali mlandu. Frank Sinatra anakaimbako mu 1981, gulu la Queen mu 1984, pamene oimba ena ambiri ankakana kupondako posafuna kukometsa tsankho. Mu 1992 anawonjezera hotela ija ya nsanja zazitali ya Palace of the Lost City ndi dziwe la Valley of Waves. Mu 1994 Bophuthatswana inatha, derali n'kubwerera m'manja mwa South Africa. Mukadzafika n'kuona mitengo yobiriwira, mathithi opanga ndi mchenga wa kunyanja pakati pa tchire louma, mudzadzifunse ngati wamalonda kuti bizinesi imene inayambitsa zonsezi ndi iti. Ndi ya juga. Munthu samanga nsanja zotere ndi bizinesi yoluza.

Apa tisanamizane: kasino si mbava. Sakuberani m'thumba, sakubisirani malamulo. Ndi bizinesi yovomerezeka, ya laisensi, yokhoma msonkho, ndipo phindu lake linalembedwa poyera patebulo pomwepo kwa munthu wodziwa kuwerenga. Ife ndife anthu a masamu, timawerenga phindu la bulangeti limodzi tili pamzere pa boda, ndiye tiyeni tiwerenge limodzi.

Tengani gudumu lija la roulette. Lili ndi manambala 37, kuyambira 0 mpaka 36. Mukaika R100 pa nambala imodzi n'kugwa, amakupatsani R3,500 kuwonjezera pa R100 yanuyo. Zikumveka kukoma. Koma tiyerekeze kuti mwaika R100 pa nambala iliyonse, zonse 37. Mwatulutsa R3,700. Nambala imodzi igwa ndithu, mulandira R3,600 pamodzi ndi yanu ija. R100 yatsala kwa eni nyumba, ngakhale mwagula manambala onse ndipo mwawina. Imeneyo ndi 2.7 peresenti ya ndalama iliyonse yodutsa patebulo. Mukapeza gudumu la maziro awiri, manambala amakhala 38 ndipo gawo lawo limapitirira 5 peresenti.

Wina anena kuti 2.7 peresenti ndi yochepa, a kasitomu pa Mwanza amatidula zoposa pamenepo. Zoona. Koma msonkho wa pa boda mumalipira kamodzi pa katunduyo. Uwu mumalipira nthawi iliyonse gudumu likazungulira. Mwalowa ndi R2,000, mukuika R100 ulendo uliwonse, mwawina pang'ono, mwabwezanso patebulo, mwaluza, mwawina. Gudumu likazungulira ka 100 ndiye kuti mwadutsitsa R10,000 patebulo, ngakhale munalowa ndi R2,000 yokha, ndipo gawo la eni nyumba pa R10,000 imeneyo ndi R270. Usiku umodzi mutha kutuluka muli pamwamba, n'chifukwa chake anthu amabwererako. Koma mukamakhalitsa, masamu amakupezani. Kasino safuna kuti muluze msanga. Amafuna mukhale, mumwe, museke, muzungulirenso.

Ndiye pali nzeru ija imene ikufalitsidwa m'mainboksi, yoti ukaluza uziwirikiza kawiri mpaka uwine. Muika R50 pa zofiira, mukaluza R100, mukaluza R200, kenako R400, R800, R1,600, R3,200. Werengani bwino: mukaluza ka 7 motsatizana mwataya R6,350, ndipo ulendo wa 8 muyenera kuika R6,400 kuti mubweze zonse n'kupindula R50 yokha. Kuika mtengo wa mabelo a katundu pofuna ndalama ya chipisi ndi soseji! Kuluza ka 7 motsatizana si zachilendo ayi. Mwa manambala 37 aja, 19 si ofiira, ndipo masamu ake amati zimachitika pafupifupi kamodzi pa maulendo 106 amene mwayamba nzeruyi. Tebulo lililonse lilinso ndi malire a ndalama imene mungaike, ndiye ngakhale mutakhala ndi thumba losatha, pena pake akuimitsani. Eni kasino anaidziwa nzeru imeneyi agogo athu asanabadwe.

Za makina aja owala a mabatani sitichulukitsa mawu. Anakonzedwa kuti pa ndalama zonse zolowa azibweza zochepera, ndipo alibe chikumbumtima. Makina amene akhala osalipira tsiku lonse sali "pafupi kusanza" monga amanenera anyamata. Sadziwa kuti mwaima pamenepo maola atatu, sadziwanso kuti mwana wanu akudikira fizi.

Tikudziwa yankho limene likubwera m'makomenti, chifukwa talimva m'basi kambirimbiri: "Geni nayonso ndi juga. Umapikula osadziwa ngati ugulitsa, thiraki itha kugwa pa Tete, a kasitomu atha kulanda, kwacha itha kugwa uli m'njira." Amene amanena izi ali ndi mfundo, ndipo sitikuwaseka. Malonda athu ali ndi ngozi zenizeni, ndipo tonse tinalirapo. Koma kusiyana kwake n'kwakukulu. Pa geni, ngozi imachepa ndi nzeru zanu. Mukadziwa shopu yotchipa ku Dragon City kapena ku China Mall, mukadziwa transipota wokhulupirika, mukadziwa kuti ku Mzuzu amakonda bulangeti lolemera pomwe ku Nsanje silingayende, mwawonjezera mwayi wanu. Wamalonda wa zaka 15 amaposa wa chaka chimodzi. Pa gudumu, munthu wa zaka 15 ndi wobwera lero ali chimodzimodzi, onse akudulidwa 2.7 peresenti. Chinanso, geni ikavuta mumatsala ndi kanthu m'manja. Majekete akakanika Julayi uno, mutsitsa mtengo, kapena musunga mpaka Meyi wa chaka chamawa. Patebulo mukaluza mumatsala ndi fungo la perefyumu ya m'kasino pa malaya basi. Ndipo pa geni, munthu woima kumbali imene masamu amakomera ndinu. Kasino ndi wamalonda mnzathu amene wapeza katundu wosawola, wosalipira dyute, wosafuna transipoti. Mukalowa m'nyumba mwake, inu ndiye kasitomala.

Tsopano tibwerere ku ndalama za eni. Tiyeni tinene chilungamo, m'chikwama cha wamalonda wopita ku Joni mwezi uno muli ndalama za anthu angati? Muli za aphunzitsi amene anaoda mabulangeti awiri kuti adzamalize kulipira mwezi ukatha. Muli za mayi wa saluni amene akudikira mawigi ndi mankhwala a tsitsi. Muli za bambo wa minibasi imene yakhala pamiyala milungu itatu kudikira sipeyala. Muli ngongole ya banki m'khonde imene amayi anzanu anakuvomerezani chifukwa simunaphonyepo. Mwinanso muli ya katapila, imene ikubereka ana tsiku lililonse muli m'njira. Anthu amenewa sanakusainitseni pepala. Anakupatsani chifukwa cha dzina lanu, ndipo pa malonda athuwa dzina ndilo mpamba weniweni. Katundu akalandidwa pa boda anthu amadandaula koma amamvetsa, chifukwa pali pepala la kasitomu loti muwaonetse. Koma ikangomveka kuti ndalama inathera ku kasino, ndipo imamveka ndithu chifukwa m'minibasi munali anthu 15 aliyense ndi foni yake, palibe adzakutumeninso ngakhale sopo. Choipa kwambiri n'chakuti sizithera pa inu nokha. Mawa kasitomala yemweyo akafuna kutuma wina wa ife amayamba wafunsa kuti "nanunso simupita kuja?"

Palinso nkhani ya mtengo wa randi. Mnzathu wa ku South Africa akaluza R5,000, waluza R5,000, mwezi ukatha alandira ina. Ife a ku Malawi randi iliyonse timaipeza ndi thukuta kawiri: koyamba kupeza makwacha, kachiwiri kusaka ndalama yakunja. Tonse tikukumbuka kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo tonse tikudziwa kuti kubanki ndalama yakunja siipezeka mwachisawawa, ambiri timakaigula kwina pamtengo wowawa. Anzathu a ku Chipata, a ku Tete ndi a ku Harare ali ndi nkhani zawo zofanana ndi zimenezi. Ndiye randi imene mwayenda nayo masiku awiri m'basi, mwaibisa m'sokosi podutsa maboda atatu, mukaiike pa nambala 17 chifukwa ndi tsiku lobadwa la mwana wanu?

Ndipo tsoka la woluza mpamba silithera pa ndalama. Timaziona chaka ndi chaka mmene zimayendera. Munthu waluza, manyazi amugwira, sangabwerere kumudzi chimanjamanja. Ndiye amati ndigwireko maganyu milungu iwiri ndibweze. Pasipoti ya Malawi amaidinda masiku osapitirira 30. Masiku aja amatha ali pa ganyu. Malamulo a South Africa kuyambira 2014 ndi akuti ukapitirira masiku ako amakuletsa kulowanso: chaka chimodzi ngati wapitirira ndi masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati wapitirira kuposa pamenepo. Wamalonda woletsedwa kuwoloka Beitbridge zaka zisanu ndiye kuti geni yatha. Usiku umodzi wa Loweruka wadya mpamba, dzina ndi pasipoti.

Kwa achimwene athu a mathiraki, inu nkhani yanu ndi ina pang'ono. Inu mumayesedwa ndi kudikira. Mwatsitsa Lachisanu, malodi ndi Lolemba, masiku awiri muli pa depoti mukuyang'ana mpanda. Ndipo amene mumayenda N4 kudutsa Brits, Rustenburg, Swartruggens ndi Zeerust kupita ku Skilpadshek, zikwangwani za Sun City mumaziona ulendo uliwonse. Palibe cholakwa kupitako tsiku lopuma, koma thiraki isiyeni pamalo otetezedwa amene bwana akuwadziwa, inu mukwere takisi. Mathiraki ambiri masiku ano ali ndi kachipangizo kowonetsa kumene ali, ndiye kupatuka msewu makilomita makumi angapo si chinsinsi, ofesi iona musanafike n'komwe pageti. Ndalama ya matolo, ya dizilo ndi ya pa boda si yanu, ndi ya ulendo. Dalaivala amene wafika pa tolo ya Swartruggens alibe cholipira, nkhani yake imafika ku kampani iliyonse ya mathiraki sabata isanathe. Kumbukiraninso kuti malire a mowa m'magazi kwa dalaivala wa ntchito ku South Africa ndi 0.02, pamene kwa ena onse ndi 0.05. Botolo limodzi likhoza kukupyoletsani, ndipo mowa wa Lamulungu usiku sumakhala utatha m'thupi Lolemba m'bandakucha.

Tsono tiyankhe a mbali inayo, amene akuti tisapite n'komwe. Amayi ndi abambo, chikhulupiriro chanu tikuchilemekeza, ndipo amene mtima wake sukumulola asakakamizidwe kapena kusekedwa. Koma ife sitikugwirizana ndi zoletsa ulendo wonse. Taganizani, pali anthu muno amene alowa South Africa maulendo oposa 100, koma chimene akuchidziwa ndi Park Station, mashopu a ku Fordsburg, kachipinda kogona anthu asanu ndi mmodzi, ndi mzere wa pa Beitbridge. Timanyamula zinthu zokometsa nyumba za anthu ena, ife osaonako kukoma kwa dziko limene timathera theka la moyo wathu. Tsiku limodzi lopuma si tchimo. Munthu atha kulowa Sun City m'mawa, kutuluka madzulo, osaponda m'kasino ngakhale phazi limodzi, tsiku lake n'kukwana. Mabanja ambiri amene mudzawaone kumeneko m'holide amabwera ndi ana, ndipo ana osafika zaka 18 saloledwa n'komwe kumalo a juga.

Ndipo wamalonda wa maso amaphunzirako kanthu. Mudzaone mmene amayalira katundu m'mashopu awo, mmene amaunikira, mmene wogulitsa amalankhulira ndi munthu amene sanagule kanthu. Mudzaonenso mmene malo onse anakonzedwera kuti munthu asafulumire kutuluka. Zina mwa nzeru zimenezo zitha kugwira ntchito pa shopu yanu ya ku Limbe kapena ku Area 2.

Za kuzizira musazitenge mwamasewera. Masana dzuwa limawala bwino, kumwamba kopanda mtambo, munthu utha kuvula juzi. Koma dzuwa likangolowa kumazizira kuposa ku Dedza, ndipo m'bandakucha pena udzu umayera ndi chisanu. Amene mukulota zosambira pa Valley of Waves, dziwani kuti madzi a Julayi si a ku Mangochi, komanso dziwelo amakonda kulitseka milungu ingapo m'nyengo yozizira kuti alikonze, ndiye okonza ulendo afunse kaye asanalonjeze anthu. Mahotela a m'kati mwa mpanda, ngakhale yotsikirapo ya Cabanas, amakwera mtengo nthawi ya holide ndipo amadzaza msanga. Kwa thumba lathuli nzeru ndi kulowa ngati mlendo wa tsiku limodzi, kulipira pageti, n'kukagona ku Rustenburg kapena ku Mogwase ngati simukufuna kubwerera usiku. Pakati pa sabata pamakhala anthu ochepa kusiyana ndi Loweruka. Chakudya cha m'kati ndi chodula, idyani mokwanira musanalowe. Ngati mukubwerera tsiku lomwelo, nyamukani kusanade, chifukwa misewu yochoka pa N4 kulowera kumeneko imadutsa m'midzi, ng'ombe ndi abulu zimayenda usiku, komanso mathiraki a m'migodi ya platinamu sagona.

Chimene ife tingalimbikitse koposa n'chakuti theka la tsikulo mukathere ku Pilanesberg, nkhalango ya nyama imene yagundana ndi Sun City. Inatsegulidwa chaka chomwecho cha 1979, ili m'kati mwa mapiri ozungulira amene kalekale anali phiri lophulika moto, ndipo kulibe malungo. Nyengo yozizira ndiyo yabwino kuona nyama, chifukwa udzu umakhala wouma ndi waufupi ndipo nyama zimasonkhana pamadzi, makamaka pa damu la Mankwe pakati pa nkhalangoyo. Kuli njovu, zipembere, mikango, njati, akambuku, mbidzi ndi akadyansonga. Mutha kulowa ndi galimoto yanu yomwe, bola osatsika pamalo osaloledwa. Ndalama imene gudumu lingadye m'mphindi makumi awiri, kuno ikupatsani m'mawa wonse ndi zithunzi zoti ana akaone. Kunena zoona n'zochititsa manyazi kuti ambiri a ife tidzayamba kuona chipembere ku dziko la eni pamene Liwonde ndi Majete tikuzidutsa chaka chilichonse, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Nanga amene akufunabe kulawako kasino? Sitikuletsani, ndinu akuluakulu. Koma muitenge ngati ndalama ya tikiti ya mpira: mwalipira kuti musangalale, simukuyembekeza kuti ibwerera. Musankhe chiwerengero muli ku Johannesburg, mutu uli wozizira, ndipo chichokere pa phindu la ulendo wapitawo, osati pa limene mukuganiza kuti mudzapeza katunduyu akagulitsidwa. Phindu la katundu amene sanafike ndi fodya wa pamphepo. Mutenge ndalamayo pamanja, khadi la kubanki litsale, chifukwa makina otulutsa ndalama sali kutali ndi kasino ndipo sanaikidwe pamenepo mwangozi. Foni nayonso ndi khomo: munthu akatenthedwa amayamba kuimbira kunyumba kuti "tanditumizireni mwachangu, katundu wakwera mtengo." Akazi ndi amuna a amalonda amene muli muno, mukalandira foni yotere usiku wa tsiku la ulendowu, musatumize. Ndalama imene mwalowa nayo ikatha, masewera atha. Ndipo musabwereke kapena kubwereketsa m'kati muja, ngakhale kwa mnzanu amene mumagona naye chipinda chimodzi. Ubale wambiri wa pa geni unathera pa R500 ya "ndikubwezera pompano."

Mukawina, chifukwa ena amawina ndithu, tulukani nthawi yomweyo, musalengeze m'minibasi, ndipo musunge kapepala kosonyeza kumene ndalamayo yachokera. Pasipoti ikhale pafupi chifukwa pa ndalama yochuluka amafuna chiphaso. Kumbukiraninso kuti malamulo amaika malire pa marandi amene munthu angatuluke nawo m'dzikomo pamanja. Koma choopsa chenicheni cha kuwina si pa boda. Munthu amene waluza ulendo woyamba amatukwana n'kusiya. Amene wawina ulendo woyamba ndi amene timamudera nkhawa, chifukwa amabwerera ku Joni ali ndi chikhulupiriro choti ali ndi dzanja. Safunikanso kupita kutali: Gold Reef City ili pafupi ndi kumene timapikula, Montecasino ili ku Fourways, Emperors Palace ili pafupi ndi bwalo la ndege. Akafika kumudzi kandege kaja ka pa foni kakumudikira. Ulendo wa tsiku limodzi wasanduka chizolowezi cha ulendo uliwonse.

Ngati muno muli wina amene wafika kale pamenepo, amene akubisa kwa akunyumba, amene akubwereka kuti abweze zimene analuza, dziwani kuti ku South Africa kuli nambala yaulere ya uphungu kwa ovutika ndi juga, 0800 006 008, ndipo munthu utha kupempha wekha kuti makasino asamakulole kulowa. Ulendo uno wotere asapite, ndipo anzake omudziwa musamukokere kuti minibasi idzaze.

Pomaliza tili ndi pempho kwa a adimini ndi amene mukusonkhetsa ndalama. Tsiku limene mwaika ndi Loweruka, anthu ambiri atangofika kumene ndi basi ya Lachisanu, chikwama chili chodzaza. Lisintheni. Liikeni pakati pa sabata yotsatira, Lachitatu kapena Lachinayi, pamene ambiri amakhala atapikula ndipo katundu ali m'manja mwa matransipota. Polemba mayina, aliyense aonetse risiti ya transipota ndi tikiti yobwerera, ndipo aone masiku otsala pa pasipoti yake. Amene katundu wake sanakwere adikire ulendo wina. Ndalama ya minibasi, ya pageti ndi ya ku Pilanesberg isonkhedwe tisananyamuke, asunge munthu mmodzi amene salowa m'kasino, ndipo dalaivala auzidwe nthawi yobwerera pamaso pa onse kuti pasadzakhale za "tandidikirani pang'ono, makinawa atsala pang'ono kulipira." Mukakonza chonchi tilembeni mayina ifenso, ndipo aliyense asaiwale jekete, osati lija mwapikulira kasitomala.